Mafuta Anga Anali Thukuta

Zaka zisanu ndi zitatu ndinapalasa kabaza
kuchoka pa M'baluku, kuwoloka mlatho, mpaka kumsika.
Mafuta anga anali thukuta,
utsi wanga unali mpweya wa m'mapapo.

Chaka chatha Twaibu anabwerako ku Joni
ndi njinga zamoto zitatu.
Imodzi anandikongoza.
Tsopano ku Namwera ndimapita kawiri
dzuwa lisanafike paliwombo,
ndipo Asiyatu wanga ali pasukulu yolipira.
Ndisaname, nyumba ndafolera malata.

Koma njerwa za nyumbayo
zinapsa ndi mitengo ya ku Namizimu,
uvuni unafuka masiku atatu.
Makala amatsika phiri pamalole usiku,
tauni imawameza m'mawa n'kuwalavulira kumwamba.
Magetsi akazima, majenereta a m'magolosale
amatsokomola pamodzi ngati odwala m'wodi.

Aphunzitsi a Asiyatu akuti
utsi sufa, umangokwera,
umakayalana kumwambako ngati bulangeti
n'kufunditsa dziko lotentha kale.
Ndinaseka.
Kenako ndinakumbukira Okutobala uja
phula linkamata nsapato,
ndi mvula ija inachedwa n'kubwera ndi mkwiyo.

Padepoti timaima anthu makumi anayi, injini zikulira,
kulimbirana munthu mmodzi wotsika minibasi.
Ine ndayamba kuzimitsa yanga.
Anzanga amati ndine wouma manja.
Ndimangowasiya.

Yopalasa ija ili kuseri kwa nyumba,
tcheni chachita dzimbiri.
Dzulo ndinachidonthezera oyilo,
osadziwa kuti ndikupita nayo kuti.