Chala Chimodzi, Imani

Foni inalira folo koloko m'mamawa.
Nsapato imodzi ndinavalira pakhomo,
inayo ndinakamangira m'lole.
Eusebio anali ataliza kale injini,
akutafuna buledi wadzana.
Salankhula dzuwa lisanatuluke, ndinazolowera.

Lole yathu ili ndi mapazi amitundu iwiri:
matayala oyendera pa tala
ndi timagudumu tachitsulo tobisala kumimba.
Pomwe msewu unatithera, kupitirira Realicó,
tinaikweza panjanji, n'kutsitsa timagudumuto,
ndipo inayamba kudziyesa sitima,
majeki akugundana kumbuyo,
matabwa akununkha girisi wa ngozi zakale.

Dziko la kuno ndi lathyathyathya ngati chikhatho.
Tsoka umaliona lidakali kutali,
ndiye umayenda nalo m'maso mpaka ukafike.

Mabogi atatu anali atasiya njira.
Awiri anangotsetsereka, ali chilili m'miyala
ngati ng'ombe zokana dibi.
Yachitatu inapendekeka, chitseko pululu,
tirigu ali mbwee mpaka kumpanda wa waya.
Nkhunda zinatipitirira kufika.
Ndani anaziimbira foni?

Mvula ya masiku anayi inafewetsa pansi,
mitanda yowola inangoti basi, tatopa.
Palibe anafa.
Koma Nicanor Bustos, woyendetsa sitimayo,
anakhala payekha pamwala, chipewa pabondo.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi osagwetsapo gudumu,
kutatsala miyezi iwiri kuti apume.

Ntchito yathu ilibe changu.
Umayala matabwa pamatope,
pamwamba pake mlatho wachitsulo,
pamlathopo jeki,
n'kulumikiza mapaipi a mafuta.
Ine ndimagwira ndodo za pampu.
Eusebio amagona chafufumimba, tsaya m'thope,
kuyang'ana kumene ine sindiona.

Zulema, chala chimodzi.
Imani.
Thabwa.
Chala china.
Imani, ndati imani!

Matani makumi asanu ndi limodzi
akulendewera pa mafuta odzaza ndowa imodzi.
Chitsulo chimabuula, mukudziwa?
Chimabuula ngati munthu amene akumutembenuza pabedi la chipatala.
Ukamva chasintha mawu, chotsa dzanja.

Masana Nicanor anabwera, osayang'ana aliyense.
Anati, ndipatseniko chonyamula.
Malamulo salola.
Ndinamuloza mulu wa matabwa.
Ananyamula mpaka malaya anamatirira kumsana,
ndipo pamene timakankhira bogi chammbali,
pang'onopang'ono, ngati kusuntha kabati
m'nyumba momwe mwagona khanda,
ndiye anagwada kutsogolo, diso limodzi chitsinzinire,
kuyeza mlomo wa gudumu ndi mutu wa njanji.
Anakweza dzanja.
Ndinatsitsa.

Ngwii.

Kaphokoso kakang'ono, kochepera supuni yogwa pansi.
Tinakavutikira maola asanu ndi anayi.

Bogi yachiwiri inatimvera msanga.
Yopendekeka ija inakana, inafuna kireni ya ku Bahía Blanca,
ndipo kireniyo inati ifika mawa, mwina mkuja.
Tinaitchinjiriza ndi matabwa, tinaimanga unyolo,
tinaisiya ndi mlonda ndi nkhunda zake.

Eusebio anathira madzi otentha m'chikho cha mate,
anayamwa koyamba, kowawa, monga mwa mwambo,
kenaka anapatsira Nicanor ndisanalandire ine.
Sindinadandaule.
Mkuluyo anagwira chikho ndi manja onse awiri,
manja akunjenjemera tsopano, ntchito itatha.
Anafunsa ngati lipoti lidzatchule mitanda ija.
Ndinati ndaijambula yonse, ndi chala changa chikulowa m'mtengo
ngati m'papaya lakupsa.

Tinabwerera chambuyo makilomita khumi ndi awiri,
poti panjanji lole sitembenuka.
Khosi linauma.
Kunyumba ndinavula nsapato pakhonde,
tirigu anakhuthukamo wodzaza dzanja.
Mwana wanga Ramiro anamutola,
akuti akadzala kuseri kwa thanki.
Ndamuuza kuti si nyengo yake.
Wapita kukafuna chitini.