Kuwerenga Mileme pa Ndzuwani

Tinanyamuka kumzikiti kusanaitanidwe,
Toihir patsogolo ndi chikwanje,
ine m'mbuyo, kabuku ndakabisa m'jumbo.
Njira imene tinadzera mwezi watha kulibenso.
Namondwe anaikokolola n'kukaitaya m'nyanja
pamodzi ndi nthochi za Houmadi ndi mbuzi zake ziwiri,
ndiye tikukwera chokwawa,
matope mpaka m'mawondo, mizu ndiyo makwerero.

Mkuyu uja ulipo.
Wathyoka phewa la kum'mawa, koma ulipo.
Iyonso ili lende m'nthambi zotsala,
yakuda bii, yodzifunda mapiko
ngati maambulera oiwalika pamaliro,
timakutu tobulungira, maso ofiira ngati khala.

Lamulo la ntchito yathu n'losavuta.
Ine ndiyambira kumanzere, iye kumanja,
osalankhulana, osaloza ndi chala, osatsokomola.
Tikatha tionetsana.
Iye wapeza makumi anayi ndi itatu,
ine makumi anayi ndi umodzi.
Tibwereza. Khosi lauma gwa.
Mwezi watha inali makumi asanu ndi anayi
ndipo tinkadandaula kuti yachuluka, ikutisokoneza.

Pepala la Dokotala Soifia wa ku Moroni lili ndi mabokosi:
tsiku, nthawi, mitambo, chiwerengero.
Lilibe bokosi la fungo ili pansi pa mtengo,
lilibe la kamwana kouma kamene Toihir wakatembenuza ndi phazi,
zikhadabo zikadali zopinda, kugwira mayi amene palibe.
Chitini chathu choyezera mvula chinasefukira usiku woyamba.
Za masiku awiri otsatirawo
kafunseni khoma la sukulu, matope analembapo okha
kupitirira pamene mwana wa sitandade wani angafike ndi choko.

Dzulo Houmadi anandiimitsa pa ng'anjo yake
yotchezera mafuta a maluwa, nkhuni zonyowa zikungofuka.
Akuti, mwana wa Anrifa, ukukawerenganso ndema zako?
Malata anga ndani adzawerenge?
Analipo khumi ndi awiri, ndapeza atatu,
limodzi lili pamwamba pa mgwalangwa wa eni.
Ndinalibe pakamwa.
Kwathunso tikugona tikuona nyenyezi,
mayi ayala mabeseni pakama ngati pamsika.
Ndikanamuuza kuti mileme imeneyi ndiyo imafesa nkhalango,
kuti nkhalango ndiyo imagwira phiri lisatsikire m'mudzi,
koma munthu wopanda denga sauzidwa za mbewu ya mkuyu.

Watsala Nambala Seveni,
wamkazi uja tinamuveka kachipangizo m'khosi chaka chatha,
anandiluma chala ichi, chipsera nachi.
Masiku asanu ndi anayi kadontho kake pafoni sikanasunthe.
Tatsetsereka kuchigwembe kukatola mafupa.
Foni ikuti tafika. Tifukula, tisenda makungwa, zii.
Kenako Toihir aseka, aloza m'mwamba:
kalamba kali pa nthambi, kodukaduka ndi mano,
kakungozungulira kokha m'mphepo.
Ubweya palibe, fupa palibe.

Ndilembe chiyani, wafa kapena wathawa?
Pensulo yaima pakati pa mabokosi awiri.
Ndalemba m'mphepete, timalemba tating'ono:
sitikudziwa.

Dzuwa litafika paliwombo, chigwa chayamba kupuma nthunzi.
Umodzi wamasula chikhadabo, wagwa, watambasuka,
mapiko kutalika kuposa mikono yanga,
wakwera mpweya wotentha osakupiza n'kamodzi komwe.
Wina watsatira. Winanso.
Ikuzungulira pamwamba pa chilonda chofiira cha phiri,
pamwamba pa minda yogumuka, pa denga la Houmadi losakhalapo,
mpaka kumene chisumbu chithera
ndi madzi amchere ayambira mbali zonse.
Kulibe phiri lina loti ikafikeko.

Toihir wamenya papaya ndi chikwanje, wandipatsa theka.
Akuti Lachinayi tikaone mtengo wa kuseri,
mwina ina inasamukira kumeneko.
Ndavomera ndi mutu, m'kamwa muli papaya,
maso akadali m'mwamba,
milomo ikuwerengabe.