Khomo la Manong'onong'o

Ultan ankayendetsa galimoto ngati munthu wothawa ngongole.
Zaka makumi anayi dziko langa lomwe
ndinaliona pa galasi lakumanzere.
Nsanja ikasuzumira kuseri kwa mpanda wa minga,
ndisanatsegule pakamwa, yatsala kale m'mbuyo.
"Ndi miyala chabe, Gobnait. Kumunda kwathu ilipo yambiri."

Galimoto ndinagulitsa mu Malichi, maliro atatha.
Tsopano ndili ndi chiphaso cha okalamba chokwerera ulere,
pachithunzi ndikuoneka ngati andigwira ndikuba.

Lolemba, sitima ya m'mamawa yochoka ku Tralee.
Ndinakhala kumanja, dala.
Pa Limerick Junction ndinadikira ina ola lathunthu,
siteshoni ili pakati pa msipu, mzinda wake suoneka,
ng'ombe zokha kundiyang'ana zikubzikula,
tiyi wa m'kapu ya pepala akundiwotcha zala.

Ku Cashel basi inanditula mvula ikuwaza.
Thanthwe ndinalikwera mwa apo ndi apo, bondo likung'ung'udza.
Tchalitchi chilibe denga.
Akhwangwala ndiwo amalowa ndi kutuluka, osagwada.
Mnyamata wolondolera alendo anatchula mafumu ambirimbiri,
ndinagwirapo dzina limodzi,
nalonso linandipulumuka potsika.
Buledi wanga ndinadyera pambali pa manda
a munthu amene mvula inamufufuta dzina.
Sanadandaule.

Ku Kilkenny nsanja yozungulira amaikwera pa makwerero otsetsereka.
Pa achitatu miyendo inati basi, zakwana.
Ndinakakamira pamenepo, ana a sukulu akundilambalala,
fungo la mwala wonyowa lili m'mphuno.
Madzulo mayi Concepta wa nyumba ya alendo anafunsa,
"Chipinda cha awiri?"
Pakamwa pozolowera chabe. Ndinati mmodzi.
Kutacha anandiphikirabe mazira awiri.

Lachinayi, kuchoka ku Athlone, kabasi kakang'ono:
ine, dalaivala dzina lake Donnacha,
ndi bambo wina wofukata batire ya thirakitala ngati khanda.
Msewu wopapatiza, dambo lakuda uku ndi uku.
Ku Clonmacnoise mtsinje wa Shannon unali utasefukira,
mitengo itaima m'madzi mpaka m'chiuno.
Mitanda yeniyeni, akuti, anailowetsa m'nyumba kuopa nyengo,
imene ili panja ndi yofanizira.
Ndinaigwirabe. Inali yozizira bwino lomwe.

Ndiye pali khomo lija.
Amati ukanong'oneza m'ngalande ya mwala mbali ino,
mawu amakwera, napinda pamwamba,
natsikira m'khutu la amene waima mbali inayo.
Pamafunika anthu awiri.
Pogula tikiti palibe anandiuza.

Ndinadikira banja la ku Galway limalize kuseka,
kenaka ndinayandikiza milomo pamwala,
chipewa chikudontha, manyazi ngati mwana wamng'ono.
Ndinali nditakonza mawu ambiri m'sitima monse muja,
ena okalipa, ena amene sindinanenepo kukhitchini kwathu.
Anatuluka ndi awa okha:
"Ndi miyala chabe, Ultan."

Zii.
Mwanawankhosa analira kutsidya kwa mpanda.
Kenaka mwala unapuma m'khutu mwanga,
mawu a mwamuna, apansipansi, ofunda:
"Mayi, tinyamuka pakatha mphindi zisanu."

Donnacha, apozi wolumidwa ali m'manja,
makutu atafiira.
Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa,
ndinaseka mpaka zinasanduka zina,
iye anangoima chapatali, akuyang'ana mtsinje,
ndipo mphindi zisanu zija zinakhala khumi ndi zisanu.

Pobwerera, pa kamlatho kena, kunaoneka chipupa chakugwa,
chopanda chikwangwani, chomera minyanga ya zitsamba.
Sindinanene kanthu.
Anachepetsa liwiro yekha.

Mawa ku Trim, bondo likalola.
Ndandanda ya mabasi yanyowa m'thumba,
Loweruka lamatirira ku Lamlungu.
Ndikafunsa pa siteshoni.