Chongani M'bokosi Limodzi

Anabwera Lachitatu mkulu wa kafukufuku,
chikwama cha mapepala kumsana,
nsapato zili mbuu ndi fumbi la pa Mphate.
Anati, dzina musalembe,
ingochongani m'bokosi limodzi pa funso lililonse:
ayi, nthawi zina, kawirikawiri, tsiku ndi tsiku.

Pepalalo ndinalipinda pakati
n'kuliponya m'thumba la yunifolomu
momwe muli sizasi ndi theka la chimanga chootcha.
Ndalifunyulula tsopano, thu koloko ya usiku,
wodi yonse itagona kupatula bedi la pakona.

Kodi mumagona bwino?
Bokosilo likadakula ndikadalowetsamo minibasi ija
inagubuduzika pamsewu wa ku Balaka,
anthu khumi ndi atatu pasimenti, magetsi atathima,
namwino mmodzi, ndi ine wa chaka chachiwiri
nditaluma foni kuti iunikire
manja onse awiri akufunafuna mtsempha.
Mpaka lero ndikatseka maso ndimamva kukoma kwa pulasitiki.
Ndachonga: nthawi zina.

Kodi chakudya chimalowa?
Chikapezeka chimalowa.
Amayi ku Tsangano anagulitsa matumba awiri a mbatatesi,
wogula anati alipira Loweruka.
Loweruka lake liti, sananene.

Kodi muli naye womuuza zakukhosi?
Alipo a Nachuma, namwino wamkulu,
okhaokha pakati pa mabedi makumi anayi.
Tsiku lija khanda linazizira m'manja mwanga
anandigwira paphewa n'kunena motsitsa,
samba m'manja mwanawe, bedi sikisi akudikira.
Sikunali kukalipa.
Maso awo anali psuu kuposa anga.
Pepala lawo ndaliona patebulo,
alitsamiritsa kapu ya tiyi,
ndipo kapuyo yajambulapo mwezi wofiirira
pamwamba penipeni pa funso la kutopa.

Pepalali silimupeza Lonjezo.
Ndiye ankatiloweza mayina a mafupa
akuwomba m'manja ngati ali pa chinamwali.
Kenaka anangoti zii.
Tinati wayamba matama,
ena anati kwawo amuponyera zinthu,
mphunzitsi anati ulesi, nadula mzere wofiira m'kaundula.
M'mawa wina tinapeza matiresi atapinda,
ndowa yake palibe.
Akuti masiku ano amagulitsa kabichi pa Lizulu,
ndipo basi ya sukulu ikamadutsa
amatembenukira ku Mozambiki mpaka fumbi lithe.
Tinaphunzira kuwerenga kugunda kwa mtima pamkono
koma mnzathu ankatha tikudya naye mbale imodzi.

Funso lachisanu ndi chinayi ndaliwerenga katatu.
Likufunsa ngati ndinaganizapo
kuti bola ndikadangochokapo pano.
Cholembera chaima m'malere.
Mphepo yotsika m'phiri ikugwedeza lata lomasuka la kukhonde,
go, go, ngati mlendo wamanyazi.

Anesi, diripu yaima.
Ndi mayi wa pakona uja.
Ndapita, ndakonza, ndamufunditsa chitenje kumapazi.
Wandiyang'ana nthawi yaitali, wati,
inuyo mwadya koma?
Ndaseka. Kukhosi kwandimanga.

Pansi penipeni pa pepala pali mizere iwiri:
ngati pali china, lembani apa.
Ndalemba timalemba tating'ono ngati nyerere kuti zikwane.
Mukamaliza kutiwerengetsera ku Lilongwe mubwerenso
mudzatiuze kuti tilipo angati.
Pakhale kachipinda kokhala ndi chitseko
ndi munthu wosayang'ana wotchi.
Namwino wachiwiri usiku.
Ndipo pa Lizulu, moyang'anana ndi ogulitsa anyezi,
pali wina amadziwa mafupa onse a m'thupi,
mukamufunse nayenso.

Mizere yatha, ndapitirira m'mphepete.

Bokosi lachisanu ndi chinayi likadali loyera.
A Nachuma akubwera ndi kapu ziwiri,
nsapato zikukhwekhwereza pasimenti.
Pepalali sindilipinda.
Ndilisiya poyera, pafupi ndi shuga,
chala changa chili pomwepo.