Nsapato za a Gwatidzo

Khonde lija la mumsewu wa Kaguvi
ndinaliyeza ndi maso miyezi itatu
ndili tsidya lina, padzuwa,
guluu akuuma m'chitini ndisanamate ngakhale chidendene chimodzi.
Makiyi a nyumbayo anali m'thumba la a Gwatidzo,
ndipo pakhondepo sipankakhala munthu iwo asanagwedeze mutu.

Sindibisa, ndinachita kukonza.
Ndinaphunzira moni wa Chishona mpaka lilime linasiya kupunthwa.
Ndinafufuza timu yawo ya mpira
n'kumadandaula nawo Lolemba lililonse,
ine amene sindidziwa n'komwe kuti golo ndi yotalika bwanji.
Nthabwala yawo inali imodzi, ya mbuzi yokwera kombi,
ndinaiseka kakhumi ndi kawiri.
Kenaka ndinaona nsapato yawo yakumanzere itayasama.
Ndinaisoka, ndinaipukuta, ndalama ndinakana.

Kunyumba ku Mufakose nkhani inafika ndisanafike.
Nasibeko anati uku n'kusyasyalika,
mwamuna wamkulu mano panja ngati chimanga chootcha,
akudyerani masuku pamutu bambo amenewo.
Mwana wanga Tiyese, wa Fomu 4, sanazungulire:
mukunyambita nsapato, ababa.
Ndinati nsapato ndiye ntchito yanga, mwanawe,
sindinyambita, ndimapaka polishi,
ndipo yunifolomu wavalayo inachokera kumapazi a anthu.
Anatuluka osatseka chitseko.

Kutchalitchi mkulu wa mpingo anati ndi ulemu chabe.
Saidi wogulitsa malamba anati ndi ziphuphu za amphawi,
zosalowa mu envelopu.
Mlamu wanga anati ndagwira mwendo ndisanalakwe.
Wina anati kunyengerera, wina kudzigulitsa,
wina kupembedza munthu ngati mwana wolira.
Ine ndinali nalo langa, limene bambo anabwera nalo kuchokera ku Ntcheu
pamodzi ndi sutikesi yamalata:
kupatsa n'kuika.
Usiku ndinkawayesa mawu onsewa mmodzimmodzi
monga kasitomala ayesera nsapato za pa bero.
Lililonse linkalowa,
lililonse linkandiluma penapake.

Mvula yoyamba ya Novembala itagwa
a Gwatidzo anandikodola ndi kiyi.
Ndinawoloka msewu, bokosi pamutu,
maluwa a jakaranda atamatirira ku mapatapata.
Zaka zisanu ndi chimodzi sindinanyowe.
Tiyese anamaliza sukulu. Za khonde sitikambirana.

Chaka chatha nyumbayo inagulidwa.
Makiyi ali ndi kampani ya alonda ovala zakuda,
lendi ndimalipira pafoni, kwa munthu amene sindinamuonepo nsapato.
A Gwatidzo ali ku Glen Norah, shuga anawadya phazi lamanja.
Alibe khonde, alibe kiyi,
alibe chilichonse chimene ndingachifune.

Koma Loweruka ndinapezeka ndili mu kombi,
buledi m'manja, polishi m'thumba.
Anandiuza ya mbuzi ija
ndipo ndinaseka mpaka kutsokomola,
ndisanakumbuke kuti palibenso chifukwa.
Pamene ndinkapukuta nsapato yakumanzere, yokhayo imene yatsala ndi ntchito,
anati, Milanzi, ndinkadziwatu.
Mpira suudziwa iwe,
unkatchula osewera amene anapuma kalekale.
Ndinafunsa, nanga bwanji munandipatsa malo?
Anati, m'nyumba yonse ija, nsanjika zinayi,
ndani wina ankandifunsa ngati ndadzuka?

Pobwerera ndinawerenganso mawu aja pa zala,
la Nasibeko, la Tiyese, la Saidi, la bambo anga.
Palibe limene linafika ku Glen Norah.
Onse anatsikira panjira.
Nasibeko anandifunsa pakhomo kuti kumeneko mukukatolako chiyani tsopano,
ndinangoti chingwe cha nsapato yawo chatha,
Loweruka ndipita nacho china.