Pepala la Mafunso ku Matundo

Atate anaimba foni ali m'munda wa mbatata ku Domwe:
"Ndagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ukaphunzire za banja?
Banja si lomwe unalisiya kunoli?"
Ndinati netiweki ikuvuta.
Netiweki inali bwinobwino.

Dotora Selestina amatiphunzitsira m'chipinda chapamwamba
momwe fani imangotembenuza kutentha kwa Tete
osakuchepetsa.
Amalemba pa bolodi m'Chipwitikizi:
zolowa, zotuluka, zotsala.
Ine ndimamasulira m'mphepete mwa kope,
ndipo ndikafika pa zotsala
cholembera chimayamba chibwibwi.

Lachitatu anatigawira mapepala a mafunso.
Ndinawoloka mlatho, Zambezi ali ziii pansipo,
n'kufika ku Matundo dzuwa lili paliwombo.
Mayi Orotensiya anandikankhira chigubu kuti ndikhalepo.

Mutu wa banja lino ndani?
Anaseka mpaka mwana kumsana anadzuka.
"Lero, kapena mwezi ukatha?
Bambo ali ku malasha ku Moatize,
amabwera ndi envulopu ndi chifuwa.
Masiku enawa mutu ndine, khosi ndine,
miyendo ndine ndemwe."

Mulipo angati?
Pepala linali ndi mizere isanu ndi umodzi.
Anatchula ana awo anayi,
awiri a malemu mng'ono wawo,
mlamu amene akudikira ntchito chiyambire Isitala,
ndi kamtsikana ka kuseri kwa mpanda
kamene kamangotulukira mbale zikayamba kulira.
"Kameneko musakalembe," anatero, "koma kamadya."
Ndinatembenuza pepala, ndinakalemba kumbuyo.

Titafika pa mafuta ophikira ndinawongola msana.
Apa ndiye ndinkadziwapo:
tinawerengera m'kalasi, ndinakhoza zonse,
chigubu cha malita asanu n'chotchipa
kuposa timapepala ta mametikasi khumi tsiku ndi tsiku.
Ndinafotokoza, cholembera chili m'mwamba.
Anandiyang'ana momwe amayang'anira nsomba youma ku Kwachena
pofufuza ngati ili ndi mphutsi.
"Ndikudziwa, mwanangu, kapepala n'kodula.
Koma chigubu chimaoneka.
Anansi akachiona, ndiwamane bwanji?
Chimene mwakhaliracho chinatha masiku asanu ndi anayi."

Ndinafunafuna kabokosi kolembamo zimenezo.
Panalibe.

Mumasungako ndalama?
Analoza ndi mlomo:
"Banki yanga ndi iyo ikudya katoniyo."
Ndipo banki ija, pamene ndinkamwa madzi,
inabwera mwaulemu ndithu
n'kubudula ngodya ya pepala langa,
pomwe panayenera kulembedwa zotsala.

Dotora Selestina analigwira pepala lija ndi zala ziwiri,
anaona mano a mbuzi, anawerenga kumbuyo,
anawerenganso.
Sanandipatse malikisi tsiku limenelo.
Anangoti, "Amiliko, sabata yamawa ubwererekonso,
koma usakaphunzitse munthu."

Usiku magetsi atathima ndinatulutsa mphasa panja,
khoma likubwezabe moto wa masana,
fungo la makala ndi fumbi,
agalu akuyankhana kutsidya.
Ndinaimba ku Domwe, komwe akufunda mabulangete awiri.

"Atate, kwathuko mulipo angati?"
Anayamba bwino. Anafika pa asanu ndi awiri,
anabwerera, anaiwala mwana wa achemwali,
anawerenga mbusa wa ng'ombe kawiri,
kenako ndinamva akuitana:
"Nanzunga! Tabwera, mwana wako akufunsa za kusukulu."

Amayi sanawerenge ndi zala.
Anangotchula monga amagawira ndiwo,
kuyambira wamng'ono,
ndi kuchuluka kwa mchere umene watsala,
ndi ngongole ya feteleza, ndi tsiku lake.
Pomaliza anatchula ine.

"Ine ndili kuno, amayi."
"Ndimakuwerengabe," anatero.
"Mbale yako yokha ndi imene ndinabwereketsa."

Mayunitsi anathera pomwepo.
Ndinayatsa tochi ya foni,
ndinatsegula kope pa tsamba loyera,
ndipo ndinajambula mizere yanga ndekha,
yambiri,
ina n'kuisiya yopanda dzina.