Kavuluvulu Anasiya Kuzungulira

Pa Mpondabwino, kuseri kwa ometa tsitsi,
kachipinda ka Twaibu kakadalipo:
benchi yomwe ija, nsalu yomwe ija pakhomo,
kanema yekha ndiye waonda,
wapachikidwa pakhoma ngati kalendala.

Ndinachoka gemu ili pa gawo lachitatu,
ndabwera ili pa lachisanu.
Zaka zisanu ndi ziwiri za ku Joni
zandidyera nsonga ya chala chachikulu.
Makina odulira matailosi sapepesa.

Dzina lake lenileni linkatipinda lilime,
ife tinkangoti Kavuluvulu,
mkazi wa duku lofiira.
Pansi, pansi, kutsogolo, batani lakumanja,
basi wanyamuka, mwendo uli m'mwamba,
kuzungulira katatu, fumbi kobo!
Theche limenelo
ndinaliza nalo anyamata a ku Chikanda,
ndinadyera nalo tchipisi chaulere mwezi wathunthu,
ndinalephera nalo mayeso a fomu folo.

Lero ndapereka faifi handiredi yanga.
Ndamupeza pamzere wa nkhope, wachiwiri kumapeto.
Duku palibe. Imvi mbuu. Chipsera pansi pa diso.
Wina kutsidya kwa nyanja,
woti pa Zomba sanapondepo,
anakhala pansi n'kumukalambitsa osandifunsa.

Pansi, pansi, kutsogolo.
Zii.
Wangosuntha phazi
ngati munthu woyesa kuya kwa Likangala.
Ndabwereza. Zii.
Mtsikana ali pambali panga, yunifolomu ikadali m'thupi,
wandigwetsa kawiri ndisanameze malovu.

"Ankolo, zimenezo anachotsa kalekale.
Akuti anali wamphamvu mopyola muyeso,
aliyense ankangosankha iyeyo.
Pano sazungulira, liwiro anamuchepetsa.
Amadikira.
Mukaona nkhonya ikubwera musathawe,
dinani apa, mochedwerako pang'ono,
aigwira, aibweza kwa mwini wake."

Dzina lake ndi Asiyatu.
Pamene ndinkalamulira benchi ino
n'kuti akuphunzira kulemba dzinalo pamchenga.

Kudikira? Ine?
Ine amene ndinawoloka Limpopo madzi ali m'chiuno
chifukwa pasipoti inkachedwa?
Amene ndinasiya Mwandida pa depoti
ndi mawu akuti Disembala ndabwera,
osanena kuti Disembala wake uti?

Chala chachifupi chikuterereka pabatani,
chikukumbukabe njira yakale
ngati mbuzi yobwerera ku khola logumuka.
Ndagwa kachitatu. Kachinayi.
Tiana tapakhomo tayamba kubetcherana maswiti,
palibe amene waika pa ine.

Twaibu wasiya kuwerenga ndalama.
"Amwene, nanenso ndinadandaula sabata yathunthu.
Kenako ndinazolowera.
Gemu siifunsa kuti unali ndani."

Ndewu yachisanu.
Kamzere ka moyo katsala ngati ulusi.
Nkhonya iyo.
Mtima ukuti thawa, chala chikuti theche,
ine ndangoti duu,
mpweya umodzi,
ndadina.

Gwi!
Kavuluvulu waigwira m'malere,
wapotoza mkono, mdani pansi khu!
Osalumpha, osafuula,
wangobwerera pamalo pake, manja patsogolo,
ngati mayi woti wamaliza kuyanika zovala.

Kamodzi kokhako.
Ndewuyo ndagonja ndithu.
Asiyatu sanaombe m'manja,
wangoti, "Mwaonatu,"
n'kuuza Twaibu kuti aike ina.

Panja nkhungu yatsika m'phiri,
yameza mitengo ya paini mpaka m'chiuno.
Wakabaza akuti, "Bigi, tiyeni!"
Ndakana. Ndipita wapansi ku Sadzi.
M'thumba chala chikudinabe mpweya,
pansi, pansi, kutsogolo,
pansi, pansi,
kenako chasiya chokha.

Geti la kwa a Mwandida analipaka utoto wina.
Kale ndinkagogoda katatu, mofulumira,
ndisanayankhidwe ndalowa kale.
Lero kamodzi.
Galu wake sakundidziwa.
Ndaima, manja poonekera.
M'katimo wina akutsitsa wailesi.